Akatula Udindo Apite Kuti? Okalamba ndi Ntchito ya Mpingo ku Kabwe

Kabwe ndi tauni ya anthu opuma pa ntchito. Mgodi wa mtovu ndi zinki umene unabala tauniyi, kalelo ikutchedwa Broken Hill, unatsekedwa mu 1994. Kampani ya njanji, yomwe likulu lake lili komweko, yakhala ikuchepetsa antchito kangapo, ndipo fakitale ya nsalu ya Mulungushi inatha zaka zambiri makina ali zii. Palinso aphunzitsi, anamwino, asilikali a ku Chindwin ndi Kohima komanso oyang'anira ndende ya Mukobeko amene zaka zawo zinakwana. M'dera ngati Highridge si zachilendo kupeza agogo a imvi zawo akuthirira ndiwo kuseri kwa nyumba nthawi imene anzawo akuthamangira ku ofesi.

Kale anthu otere sankakhalitsa m'tauni. Wantchito akapuma ankamanga katundu n'kubwerera kwawo, kaya ku Petauke, ku Kasama kapena kutsidya ku Malawi, chifukwa nyumba inali ya bwana. Zinthu zinasintha kuyambira 1996 pamene boma la Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za khonsolo ndi za boma kwa omwe ankakhalamo. Ambiri anagula, anakhazikika, ndipo akukalambira m'tauni momwemo. Mipingo ndi imene yapindula kwambiri ndi kusinthaku, ngakhale siinena kawirikawiri. Amene amasunga makiyi a tchalitchi, amene amalemba mabuku a chopereka, amene amapezeka pa mapemphero a pakati pa sabata ndi amene amafika oyamba pa maliro, nthawi zambiri ndi omwewa, a penshoni.

Apa ndi pamene pabadwira funso limene likuvutitsa mabwalo a mipingo yambiri, kuyambira ya Katolika mpaka yaing'ono yopempherera m'makalasi a sukulu: munthu wa Mulungu akakalamba, apitirize kapena apume? Ena amati maitanidwe alibe penshoni, ndipo m'busa amatula ndodo tsiku limene Mwini wake wamuitana. Ena amati achikulire akhalitsa pa mipando ndipo achinyamata akufota nawo mphatso zawo. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma mkanganowu umasokonekera chifukwa anthu amaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana, udindo ndi utumiki. Udindo ndi mpando, chidindo, siginecha ya ku banki ndi mawu omaliza pa msonkhano. Utumiki ndi kulalikira, kuyendera odwala, kulangiza ndi kupempherera anthu. Munthu angathe kutula choyambacho n'kupitiriza chachiwiricho kwa zaka zambiri, ndipo dera la Kabwe lili ndi umboni wamphamvu wa zimenezi.

Adam Kozłowiecki anabadwira ku Poland mu 1911. Anali wansembe wachinyamata wa chipani cha Ajezuiti pamene asilikali a Hitler anamugwira ku Kraków mu 1939. Anamutsekera ku Auschwitz, kenako ku Dachau, komwe anatuluka wamoyo mu 1945. Chaka chotsatira anafika ku Northern Rhodesia n'kuyamba ntchito ku mishoni ya Kasisi. Anakwera msanga: mu 1955 anadzozedwa kukhala episkopi, ndipo mu 1959 anakhala arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. Anakhala nawo pa msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican. Ndiyeno mu 1969, ali ndi zaka 58 zokha, mphamvu zikadalipo, anatula udindowo kuti m'dziko limene linali litangolandira ufulu mpandowo ukhale wa mwana wa dzikolo. Analowa m'malo mwake ndi Emmanuel Milingo wa ku Chipata, yemwe anali ndi zaka 39.

Zimene anachita pambuyo pake ndi zimene zikukhudza nkhaniyi. Sanabwerere ku Ulaya, komanso sanakhale ku Lusaka n'kumasuzumira m'ntchito ya womulowa m'malo. Anapita kumidzi kukagwira ntchito ya wansembe wamba, ku Chingombe m'chigwa chovuta kufikako cha Luano, ku Mumbwa ndi kwina, mpaka anakhazikika ku mishoni ya Mpunde, kufupi ndi Kabwe. Munthu amene ankalamula ansembe a dera lalikulu anavomera kukhala pansi pa bambo mfumu, kuchita Misa ndi kumvera anthu akulapa. Zinthu zitavuta ku Lusaka, Milingo ataitanidwa ku Rome mu 1982 n'kutula udindo chaka chotsatira, Kozłowiecki sanabwerere pa mpando. Mu 1998 Papa John Paul II anamusankha kukhala kadinala ali ndi zaka 86, ndipo atalandira chisoti chofiiracho anabwerera ku Mpunde komweko. Anamwalira pa 28 Seputembala 2007 ali ndi zaka 96. Pa mpando wa arkiepiskopi anakhalapo zaka 10. Atautula anatumikira zaka zina 38.

Nkhani yakeyi ndi yokoma kuimva, koma ili ndi mbali imene anthu amaidumpha. Kozłowiecki anatha kutula udindo mosaopa chifukwa anali ndi kolowera. Chipani chake chinali ndi nyumba, chakudya ndi chithandizo cha kuchipatala. Analibe mkazi, ana kapena adzukulu odikira fizi. Ndi abusa angati a ku Zambia kapena ku Malawi amene angatule udindo lero ali ndi chitsimikizo chotere?

Malamulo a zaka zopumira alipo m'mipingo yambiri yakale. Mu mpingo wa Katolika, kuyambira nthawi ya Papa Paul VI mu 1966, episkopi amapemphedwa kulemba kalata yotula udindo akakwanitsa zaka 75, chimodzimodzinso bambo mfumu wa parishi, ndipo kuyambira 1971 kadinala wa zaka 80 savotanso posankha papa. Mpingo wa Anglican ku England unaika zaka 70. Boma la Zambia nalonso, kuyambira 2015, limalola wantchito kupuma ali ndi zaka 55, 60 kapena 65. Amene amati malire otere ndi nzeru za dziko chabe angachite bwino kuwerenganso chaputala 8 cha buku la Numeri. Alevi ankayamba ntchito ya m'chihema ali ndi zaka 25 n'kuisiya ali ndi zaka 50, koma lamulo lomwelo linkawalola kupitiriza kuthandiza abale awo. Ntchito yolemetsa inkatha, koma munthuyo sankathamangitsidwa pamalo opatulika.

Aepiskopi a ku Zambia asonyeza kuti moyo wa pambuyo pa mpando umakhala wamitundumitundu. Ambuye Medardo Mazombwe, mwana wa kum'mawa amene anatsogolera dayosizi ya Chipata kwa zaka 25 asanapite ku Lusaka, anapuma mu 2006 ali ndi zaka 75, ndipo mu 2010 anakhala mbadwa yoyamba ya Zambia kusankhidwa kukhala kadinala. Ambuye Telesphore Mpundu anatula udindo mu 2018 ali ndi zaka 70, nthawi yawo isanakwane, koma mawu awo pa nkhani za ulamuliro wa dziko anamveka kwambiri atapuma. Ngakhale apapa sanayende njira imodzi. John Paul II anakhala pa udindo mpaka imfa mu 2005, thupi likunjenjemera ndi matenda a Parkinson dziko lonse likuona. Benedict XVI anatula udindo mu 2013 ali ndi zaka 85, n'kunena poyera kuti mphamvu zamuthera, chinthu chimene chinali chisanachitike kwa zaka pafupifupi 600. Francis anaonekera kwa anthu pa Pasaka wa 2025 n'kumwalira m'mawa mwake ali ndi zaka 88. Akhristu amalemekeza onse atatuwa, ndipo izi zikusonyeza kuti nambala ya zaka payokha siithetsa nkhani.

Vuto lenileni lili m'mipingo imene woyambitsa wake ndiye lamulo. Kuyambira pamene Zambia inalengezedwa kukhala dziko lachikhristu mu Disembala 1991, mipingo ya mtundu umenewu yachuluka zedi, ndipo ambiri mwa amene anaiyambitsa ali anyamata tsopano imvi zili mbuu. Ena amakalamba bwino pa ntchito. Ezekiel Guti, amene anayambitsa mpingo wa ZAOGA ku Zimbabwe, anautsogolera mpaka anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 100. Koma pamene palibe dongosolo lodziwika la wolowa m'malo, imfa ya woyambitsa imabweretsa milandu ya kukhothi, maloko awiri pa chitseko chimodzi, ndi mipingo iwiri ya dzina limodzi. Boma la Nigeria linayesa kulowererapo: bungwe lake loona za kayendetsedwe ka chuma linaika lamulo loti mtsogoleri wa bungwe losachita malonda asapitirire zaka 20 pa udindo, ndipo mu Januwale 2017 Enoch Adeboye wa mpingo wa Redeemed anasankha munthu wina woyang'anira mpingowo m'dzikomo. Phokoso litakula, boma linaimitsa lamulolo m'masiku ochepa. Boma silingathe kukonzera mpingo nkhani imeneyi. Baibulo lenilenilo silibisa ngoziyi: Samueli, mneneri wokhulupirika, atakalamba anaika ana ake kukhala oweruza, anawo n'kuyamba kulandira ziphuphu, mpaka anthu anatopa n'kupempha mfumu.

Komabe n'kulakwa kuganiza kuti m'busa aliyense wokakamira pa mpando ndi wokonda ulamuliro. Ambiri ndi mantha. Nyumba imene akhalamo zaka zonsezi ndi ya mpingo, ndipo tsiku lotsanzikana likadutsa, mphatso za mbale ndi mabulangete zitaperekedwa, m'busa watsopano amafunika kulowamo. Penshoni ya NAPSA, imene inayamba kugwira ntchito mu 2000, imafuna kuti munthu akhale atasonkha kwa miyezi 180, wolemba ntchito akuikapo gawo lake mwezi ndi mwezi. M'busa amene moyo wake wonse walandira envulopu yochokera m'chopereka cha Lamulungu, mwezi wina yonenepa mwezi wina yopyapyala, dzina lake silipezeka m'mabuku amenewo. Anasamutsidwa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo kulikonse ankamanga tchalitchi, osati nyumba yake. Munthu wotere mukamuuza kuti apume, iye amamva kuti mukumuuza kuti akagone panja. Amayi busa ndiye amavutika koposa: abusa akatsogola, mkazi wamasiye amene anatsogolera amayi a mpingo kwa zaka 30 popanda malipiro amapatsidwa miyezi yowerengeka kuti atuluke. Mpingo umene umalalikira za kulemekeza atate ndi amayi suyenera kuchita manyazi otere, ndipo sungadzudzule okalamba chifukwa chokana kupuma pamene sunawakonzere popumira.

Pali mbali inanso imene chikondi chimachititsa anthu kuibisa, ndiyo ya thupi. Ukalamba umabwera ndi ng'ala m'maso, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mawondo okana masitepe a ku gome. Zambiri mwa izi zili ndi njira yake: opareshoni ya ng'ala imabwezeretsa maso, Baibulo la zilembo zikuluzikulu lilipo, ndipo mlaliki angathe kulalikira atakhala pa mpando. Chovuta kwambiri ndi matenda oiwalaiwala. Mkulu wa mpingo amene kale ankatchula ndime za m'Baibulo pamtima amayamba kubwereza mfundo imodzi katatu, kusokoneza maina a akwati pa ukwati, kapena kuiwala komwe anaika ndalama za chitukuko. Mpingo umangoyang'ana pansi, wina osafuna kukhala woyamba kulankhula, mpaka mphekesera zimayamba zoti akuluwo adya ndalama. Kumusiya munthu wotere pa udindo si ulemu. Ndi kumuika poyera kuti anyozeke. Ndipo m'maiko athu ano matendawa ali ndi ngozi ina yoopsa. Gogo wosochera usiku n'kupezeka pakhomo pa eni m'mamawa amatchedwa mfiti. Ku Neno m'Malawi, mu Januwale 2016, okalamba anayi anaphedwa mphezi itapha mtsikana wina m'mudzimo. Mpingo umene okalamba ake amaoneka kutsogolo, akupemphera ndi kudalitsa ana, umaphunzitsa anthu ake kuona nkhalamba ngati munthu, ndipo phunziro limeneli limapulumutsa miyoyo.

Achinyamata nawo dandaulo lawo ndi lomveka. Kalembera wa 2010 anapeza kuti anthu a zaka 65 kapena kuposerapo sankakwana atatu pa anthu 100 alionse m'Zambia, pamene pafupifupi theka la anthu onse anali ana osakwana zaka 15. Koma mukalowa m'bwalo la akulu a mpingo, chiwerengerocho chimatembenuka. Mnyamata wa zaka 35, amene ku ntchito amayang'anira anthu ndi ndalama zambiri, ku tchalitchi amangopatsidwa ntchito yonyamula mabenchi ndi kulumikiza zokuzira mawu. Akapereka ganizo amauzidwa kuti, “Dikirani nthawi yanu, ana inu.” Ena amadikira, ena amatopa n'kupita kukayambitsa mpingo wawo. Mipingo yambiri yatsopano inabadwa motero, osati chifukwa cha kusiyana chiphunzitso.

Nanga ntchito imene imawayenera okalamba ndi iti? Yankho limaoneka bwino pa nyumba ya maliro. Uthenga ukangomveka, abusa amakhala ali ku msonkhano kapena ku nthambi ina, achinyamata ali ku ntchito. Oyamba kufika ndi amayi achikulire a m'chigwirizano, atavala yunifolomu yawo, chitenje m'chiuno. Amatulutsa mipando m'chipinda chochezera, kuyala mphasa, n'kukhala pansi moyandikana ndi mayi wofedwa. Salankhula zambiri. Mmodzi amayambitsa nyimbo motsitsa, wina amaonetsetsa kuti wofedwayo wamwako phala. Panja, mkulu wa mpingo wopuma pa ntchito amakhala ndi amalume a mbali zonse ziwiri, ndipo mkangano wa katundu kapena wa komwe maliro akaikidwe ukayamba kutentha, ndi iye amene amati, “Pepani akuluakulu, tiyeni tiyambe taika m'bale wathuyu mwaulemu, zinazi tikhalirana pansi.” Amamumvera chifukwa anaikapo kale mkazi wake kapena mwana wake, ndipo onse akudziwa. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Digiri ya zaumulungu siipereka mphamvu imeneyi.

Ntchito zotere ndi zambiri, ndipo sizifuna mpando. Pali kulangiza achinyamata okonzekera ukwati ndi mabanja amene akugwedezeka. Pali kuyendera odwala m'zipatala ndi akaidi ku Mukobeko, kutengera mgonero kwa amene sangathenso kuyenda, kuphunzitsa kalasi ya ubatizo, kutsogolera mapemphero a m'miphakati. M'busa wopuma angathe kugwirizira mpingo umene ulibe m'busa, kapena kukhala munthu amene m'busa wachinyamata amapitako zinthu zikamuthina. M'zaka zimene Edzi inkasesa anthu a msinkhu wapakati, agogo ndi amene analera ana amasiye ndi kusunga magulu osamalira odwala kunyumba, ndipo mipingo yambiri inaima chifukwa cha iwo. Mlembi wa Uthenga Wabwino wa Luka anasunga dzina la Anna, mayi wamasiye wokalamba kwambiri amene sankachoka ku Kachisi, ngakhale analibe udindo uliwonse kumeneko. Mu 2021 Papa Francis anakhazikitsa tsiku la agogo ndi okalamba, Lamulungu lachinayi la mwezi wa Julaye. Tsiku lotere ndi labwino, koma likangothera pa kuwapatsa shuga ndi sopo n'kuwajambula zithunzi, ndiye kuti mpingo ukuwaona ngati olandira chabe, pamene ambiri a iwo akufuna kupatsidwa chochita.

Wopuma nayenso ali ndi mbali yake, ndipo ndi yovuta. M'busa amene wapuma n'kukhalabe m'dera lomwelo amasanduka khomo lachiwiri. Akhristu amene sakukondwa ndi m'busa watsopano amapita kwa iye madzulo, amvekere, “Abusa, nthawi yanu zinthu sizinkayenda chonchi.” Mawu amenewa ndi okoma m'khutu, ndipo agawanitsa mipingo yambiri. Wopuma wanzeru amawabweza kwa m'busa wawo, salandira pempho la kudalitsa ukwati kapena kuika maliro popanda mwini mpingo kudziwa, ndipo pa msonkhano amalankhula akafunsidwa. N'chifukwa chake kuchoka kwa Kozłowiecki ku Lusaka kunali kofunika mofanana ndi kutula kwake udindo.

Kusiya okalamba pa mipando mpaka agwe, kapena kuwachotsa n'kuwaiwala, zonsezi zimachokera ku ulesi umodzi wa mpingo, wosafuna kukonzekera chinthu chimene tsiku lake limadziwika kale. Dayosizi ya Katolika ya Kabwe inakhazikitsidwa mu 2011, ndipo episkopi wake woyamba, Ambuye Clement Mulenga, anabadwa mu 1965. Aliyense angathe kuwerenga kuti malamulo adzawapempha kalata yawo mu 2040, ndipo dayosizi ili ndi nthawi yokonza komwe adzakhale ndi zimene adzachite. Mpingo uliwonse wa ku Highridge, ku Bwacha kapena ku Makululu ungathe kuwerengera m'busa wake chimodzimodzi. Ungathe kumulembetsa ku NAPSA mwezi uno, kumugulira puloti akadali ndi zaka 45, kuumba njerwa pang'onopang'ono, ndi kulemba m'malamulo ake zaka zimene mkulu wa mpingo angakhale pa udindo asanapereke mpata kwa wina. Pa misonkhano yambiri ya pachaka nkhanizi zimaikidwa kumapeto kwa ndandanda, pambuyo pa denga la tchalitchi ndi galimoto ya abusa, ndipo nthawi ikatha zimasiyidwira chaka chamawa.